Galimoto Imene Inkamwa Mafuta Ili Chiimire

1

Ine sindine mkazi wansanje. Mwina ndinene kuti sindinali wotero, mpaka chaka chimene galimoto yathu inayamba kumwa mafuta ngati chidakwa cha pataveni.

Dzina langa ndine Salome. Ndimakhala ku Mtendere, ndipo ndili ndi kashopu ka zitenje ndi nsapato za ana pamsika. Agogo anga anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito kuno ku Lusaka, n'chifukwa chake m'nyumba mwathu tinakula ndi Chichewa, panja n'kumayankhula Chinyanja cha m'tauni. Mwamuna wanga Kabaso ndi Mbemba wa ku Kitwe, amagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi, Chiso, n'chifukwa chake mwa Chibemba ine ndimamuitana mwamuna wanga bashi Chiso, iye amandiitana bana Chiso.

Galimotoyo tinaigula titadzimana zaka zambiri. Inali yaikulu, yoyera, yam'mwamba, yoyendapo kale ku Japan, ya mtundu uja amati hayibuludi. Ili ndi injini ya petulo komanso chibatire chachikulu pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo ziwirizi zimalandirana ntchito. Tsiku limene inafika, anthu a mumzere mwathu anatuluka kudzaona. Inalowa pageti mwakachetechete ngati mphaka, moti ana ena ankasuzumira kumbuyo kuti aone amene akuikankha.

"Ba Kabaso, mwagula mavuto," anatero bambo wina woyandikana nafe. "Batire ija ikafa, muzagulisa nyumba."

Amayi anga anabwera kudzaipempherera. Atanena amen ine ndinati, "Bambo akanakhala moyo, akanaona mwana wawo ali pachiwongolero." Bambo anga sindinkawakumbukira nkhope. Amayi anandiuza kuti anafa pangozi ya basi popita ku Malawi ndisanayambe sukulu, ndipo anaikidwa komweko. Tsikulo amayi anangopukuta manja pachitenje n'kufunsa ngati madzi a tiyi awira.

Chaka choyamba onyoza aja anasowa chonena. Anzathu akamalira ndi kukwera kwa petulo, ife tinkathira kamodzi n'kuiwala njira ya ku filingi siteshoni. Magalimoto akathithikana pa Great East Road, injini inkazima yokha, ife n'kumakwawa ndi batire. Mvula ikadzaza misewu ya m'komboni, tinkadutsa pamene timagalimoto tating'ono tinkamira. Inangotiopsezapo kamodzi, itayatsa nyali yofiira n'kuyamba kufooka pamtunda. Makanika wathu wa ku Kalingalinga, ba Chisala, anapeza kuti fumbi latseka kafani koziziritsa batire. Anakatsuka, basi. Kupatula pamenepo tinangosinthapo mashoko, omwe maenje a ku Mtendere sawasiyira galimoto iliyonse.

Ndinkaikhulupirira galimotoyo monga momwe ndinkamukhulupirira mwini wake.

2

Kenako chinabwera chaka cha chilala, magetsi n'kuyamba kuzima kuchokera m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, nthawi zina kupitirira. Ndi m'miyezi imeneyo pamene zinthu zinasintha pakhomo pathu.

Mkati mwa sabata galimoto inkakhala ndi Kabaso. Ine ndinkaitenga Loweruka kukapikula katundu ku Kamwala, ndi Lamlungu popita kutchalitchi. Loweruka lina ndinapeza muvi wa mafuta uli pansi, chonsecho tinali titadzaza thanki posachedwa.

"Bashi Chiso, mafuta apita kuti?"

"Ni majamu ya mu tauni," anayankha maso ali pafoni.

"Jamu ndi imene galimoto iyi imaikonda. Mwaiwala?"

Anakanda m'mutu. "Batire yayamba kukalamba. Ba Chisala baniuza."

Ndinamukhulupirira sabata imeneyo. Sabata yotsatira zinachitikanso, ndipo yotsatirayo chimodzimodzi. Kabaso anayamba kudzuka kusanache bwino, kumwa tiyi ali chiimire, kubwera madzulo atatopa ngati wapita kukalima. Foni yake, yomwe kale Chiso ankaseweretsa momwe wafunira, inayamba kugona m'thumba la buluku. Ikalira ankatuluka panja, kukayankhira kuseri kwa chimbudzi.

Ndinayamba kufufuza ngati wapolisi. Ndinkanunkhiza mipando, kufuna fungo la mafuta odzola a mkazi. Ndinkayang'ana tsitsi, ndolo, kapepala ka switi. Ndinafika pomangirira kaulusi pa lamba wa mpando wakutsogolo kuti ndione ngati wina waukoka. Madzulo ndinapeza kaulusiko kali pomwepo.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri ndi mita ya makilomita. Ndinkaganiza kuti mwamunayu ali ndi chibwenzi kutali, ku Kafue kapena ku Chongwe, n'chifukwa chake mafuta akutha. Koma nditayamba kuyang'anitsitsa manambala aja, ndinapeza kuti sakukwera kuposa kale. Galimoto siinkapita kutali. Nanga mafutawo inkamwera kuti?

3

Loweruka lina, m'malo mopita ku Kamwala, ndinakhotera ku Kalingalinga.

Ba Chisala anatuluka pansi pa minibasi akupukuta manja ndi sanza. Analumikiza kakompyuta kawo pansi pa chiwongolero, nayang'ana nthawi yaitali. Anatsegula kumbuyo, nagwada pansi kufuna ngati thanki ikudontha.

"Mami, motoka iyi ilibe matenda. Batire ikali na mphamvu, kulibe kudontha kulikonse."

"Koma munawauza bashi Chiso kuti batire yakalamba."

Anandiyang'ana modabwa. "Ine? Ba bosi sininabaone kuchokera pa Isitala."

Bodza loyamba ndinali nditaligwira.

"Nanga mafuta akutha bwanji?"

Ba Chisala anazengereza, akupotokola sanza ija. "Vamene naona ni vakuti injini yasebenza maningi kupambana mtunda wamene yayenda. Oilo yada msanga. Motoka iyi imankhala yoyaka, koma siyenda."

"Yoyaka osayenda?"

"Ehe. Izi za hayibuludi, ukaisiya yoyaka, injini imazima, batire ikachepa imaliza yeka, imazimanso. Ingachite choncho tsiku lonse." Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Kapena ba bosi bamakonda chabe mphepo yozizira ya mukati."

Anaona nkhope yanga, kuseka kuja n'kuthera panjira.

Ndili m'njira ndinaima pansi pa mtengo n'kutsegula kumbuyo kwa galimoto. Ndinanyamula kapeti, ndinatsegula pomwe pamakhala jeke. Munali kabokosi kachitsulo kokhala ndi soketi ya magetsi, mawaya ake atalowa mkati mwa galimoto. Pambali pake panali chingwe chachitali cha magetsi chokulungidwa bwinobwino. Kabokosi kotere ndinkakadziwa, ena pamsika ankagwiritsa ntchito kusandutsa moto wa batire kukhala magetsi a m'nyumba. Kwathu tinkadya mgonero ndi kandulo, Chiso ankalemba za kusukulu ndi tochi ya foni, pamene galimoto yathu inali ndi magetsi obisika. Ankayatsira nyumba ya ndani?

4

Yankho linabwera ndi Mwiche, mnzanga wogulitsa zodzoladzola moyandikana ndi shopu yanga. Lachiwiri m'mawa anafika akupuma mofulumira, asanatsegule n'komwe shopu yake.

"Iwe Salome, motoka yanu yafa?"

"Ayi. Bwanji?"

"Nenze ku Mandevu kwa mlongo wanga. Pobwela nakwela basi, nabaona ba Kabaso bankhala kumbuyo, bapanikizana na masaka ya malasha. Munthu wa motoka yaikulu so! Baniona, babisa nkhope mu foni."

"Mwina unaona wina."

"Na shati ya ku nchito yamene ija? Mwandi, mwamuna akasiya motoka nokwela basi, ninshi kiyi ili na mkazi."

Tsiku limenelo sindinagulitse bwino. Kasitomala wina ndinamupatsa nsapato zonse za phazi lamanzere.

Madzulo ndinapita kwa amayi ku Kalikiliki. Amayi anali asanamukondepo Kabaso ndi mtima wonse, ankati Abemba ndi okoma pakamwa. Ndinkayembekeza kuti akwiya nane limodzi. Koma nditafotokoza zonse, anapitiriza kusadzula chiwawa chawo, masamba a maungu aja, osadzutsa mutu.

"Mwamuna wako musiye."

"Amayi, mwamva zimene ndanena?"

"Ndamva. Akukumenya? Akugona kunja? Chiso akugona ndi njala? Usamutsate, Salome. Zina ukazifukula zimanunkha."

Ndili chikhalire, foni yawo yomwe inali pampando inayamba kulira. Ndinaona dzina ndi maso angawa: Bashi Chiso. Amayi anailumphira ngati kamtsikana, n'kuidula.

"Wasokoneza nambala," anatero.

Mkamwini ndi apongozi ake, anthu amene ankangopatsana moni wa patali, tsopano akuimbirana foni? Ndinabwerera kunyumba. Ndinaganiza kuti mkazi winayo ali ndi mimba, mwina mwana wamwamuna, ndipo akuluakulu akambirana kale, ine ndekha ndiye chitsiru chosadziwa.

Titadya, Chiso ali kwa anzake, ndinamufunsa Kabaso maso ndi maso.

"Galimoto mumaisiya kuti mukamapita kuntchito?"

Supuni inagwa m'manja mwake. Kenako anandigwira dzanja.

"Bana Chiso, nipaseni chabe nthawi. Nizakuuzani vonse. Si vamene muganiza."

"Ndiye ndi chiyani?"

"Ninalonjeza munthu."

Ndinachotsa dzanja langa. Mwamuna amene analonjeza kwa ine pamaso pa mpingo, lero akusunga lonjezo la munthu wina.

5

M'mawa mwake ndinanamizira mutu. Kabaso atangotuluka pageti, ndinatenga kiyi wachiwiri wa galimoto, ndinavala chitenje chakale ndi duku, ndinathamangira pamsewu n'kukwera takisi.

"Tsatirani yoyera ijo. Musayandikire kwambiri."

Woyendetsa anandiyang'ana pagalasi, sanafunse kanthu. Ntchito zoterezi ayenera kuti anazizolowera.

Kabaso sanalowere m'tauni. Anadutsa ku Garden, nalowa ku Marapodi, m'tinjira ta fumbi topapatiza moti galimoto inkakhudza mipanda ya maluwa. Anaima pa geti ya malata a dzimbiri. Anatsegula ndi mtsikana wochepa thupi, wa zaka za m'ma twente, wovala diresi yabuluu. Galimoto inalowa.

Ndinatsika takisi n'kubisala kuseri kwa kantemba, tishopu tating'ono tija ta m'mbali mwa njira. Posakhalitsa Kabaso anatuluka wapansi. Mtsikana uja anamuperekeza mpaka pageti. Ndinaona mwamuna wanga akutulutsa kiyi wa galimoto yathu n'kumupatsa. Iye analandira ndi manja awiri, nagwira dzanja la Kabaso kanthawi, akunena zinthu zimene sindinazimve. Kabaso anamusisita paphewa n'kuthamangira basi.

Mayi wa pakantemba anandiona ndikusuzumira.

"Mufuna ndani, mami?"

"Nyumba iyo ndi ya ndani?"

"Ni pa ba Luse. Bali na mwayi, bapeza munthu wa mtima. Ise tonse tili mu mdima, beve malaiti tsiku lonse." Anandiyang'anitsitsa. "Ndimwe bachibale? Mufanana."

Mawu otsirizawo sindinawalabadire. Ndinangomva za magetsi tsiku lonse. Ndinaona m'maganizo mwanga firiji yodzaza, wailesi yakanema ikulira, mtsikana atagona pasofa akupenta zikhadabo ndi mafuta a thukuta langa.

6

Geti inali yongotsekedwa ndi waya. Ndinalowa. Galimoto yathu inaima pafupi ndi khoma la kanyumba ka zipinda ziwiri, ikung'ung'uza pansipansi. Chitseko chakumbuyo cha galimotoyo chinali chotsekeka mosafika, ndipo chingwe chija chinatuluka pamenepo n'kulowa pawindo la chipinda. Chitseko cha nyumba chinali chotsegula, katani ikugwedezeka ndi mphepo.

Sindinalowe. Ndinati ndikaonana naye ndimupweteka, bola ndingotenga changa. Ndinakhala pachiwongolero, ndinaika giya, ndinaponda mafuta.

Kumbuyo kunamveka kuthyoka. Chingwe chinakoka, chinazula kabokosi kaja ndi mawaya ake, n'kukagwetsa pansi. Nthawi yomweyo m'nyumba munayamba kulira kachinthu, kulira kosalekeza ngati alamu ya wotchi.

Mtsikana uja anatuluka ngati wapsa ndi moto.

"Kawalala! Mayo, kawalala akuba motoka!" Atandiona anaima chilili. Anagwira pakamwa. "Ba Salome!"

Ndinatsitsa galasi. "Wandidziwa eti? Hule iwe, magetsi a mwamuna wanga akukoma?"

Anthu anali atayamba kudzaza pageti. Iye sananditukwane. Anagwada m'fumbi, natola kabokosi kaja, nayesa kubwezera mawaya oduka.

"Mwachita chani? Mwachita chani, Mulungu wanga! Mashini ya mpweya! Batate bazafa!"

Anathamangira m'nyumba. Sindikudziwa chimene chinanditsitsa m'galimoto, koma ndinamutsatira. M'chipindamo munalibe firiji, munalibe wailesi yakanema. Munali bedi limodzi ndi makina oyera onga kasutikesi, omwe ankalira aja. Kuchokera pa makinawo timapaipi tinapita m'mphuno mwa mkulu wina wowonda ngati nkhuni. Chifuwa chake chinkakwera ndi kutsika mofulumira, kukamwa kuli yasa, milomo ikuyamba kuda. Pakona panali silinda ya okosijeni. Luse anapotokola chotsegulira chake, koma munalibe kanthu.

"Inasila dzulo," analira. "Tenze kuyembekeza ba Kabaso balipile ina."

Ndinamva ngati pansi patseguka.

"Anyamuleni!" ndinakuwa kwa amuna amene anali pakhomo. "Alowetseni m'galimoto!"

7

Anawagoneka pampando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo ya Luse. Nditangotuluka pageti, nyali ya mafuta inayaka. Thanki inali pafupi kuuma, ndipo nthawi yoima pa filingi siteshoni panalibe.

Ndinayendetsa ngati wamisala, dzanja lili pa hutala. Galimoto inkalumpha maenje ndi ngalande, nkhuku ndi ana akubalalika. Kumbuyo ndinkamva kupuma kwa mkulu uja, kokhala ngati sowo yodula thabwa lonyowa.

"Tate, limbani," Luse ankanena. "Limbani, tifika manje manje. Ni ba Salome bamene bayendesa. Babwela, tate. Mwana wanu abwela."

Ndinayang'ana pagalasi. "Ukuti chiyani iwe?"

Luse anadzutsa nkhope yonyowa. "Ndimwe bakulu banga. Aba ni ba Rodgers Kamanga. Ni batate banu."

Pang'ono n'kanagunda wilibala ya munthu wogulitsa nzimbe. Limenelo linali dzina la bambo anga.

"Bambo anga anafa kalekale! Ali m'manda ku Malawi!"

"Sibanafe. Banathawa chabe na bamai banga."

Pamsewu waukulu tinapeza magalimoto atathithikana, maloboti osagwira chifukwa cha magetsi. Ndinayatsa nyali zangozi, ndinatulutsa mutu pawindo ndikukuwa kuti ndanyamula wodwala. Anyamata oitanira mabasi anathamanga kutsogolo kwathu akumenya magalimoto ndi zikhatho kuti apatuke. Injini inazima yokha monga mwa chizolowezi chake, galimoto n'kumakwawa ndi batire, ndipo m'kachetechete ameneyo ndinamva mawu ofooka kumbuyo kwanga.

"Sa... lo... me."

Sindinatembenuke. Ndikanatembenuka sindikanathanso kuyendetsa.

Tinafika kuchipatala mafuta asanathe. Anamwino anawathamangitsira mkati pa kabedi ka mateyala. Ine ndinatsala pabenchi, duku lili m'manja, ndipo ndinaimbira amayi.

"Amayi, bambo anga anaikidwa mudzi uti?"

Ndinkangomva tambala akulira kuseri kwa nyumba yawo.

"Kabaso wakuuza?" anatero pomaliza.

Ndinadula foni.

8

Kabaso anafika thukuta lili kamukamu. Sanandikalipire. Anakhala pambali panga n'kufotokoza zonse, maso ali pansi.

Bambo anatisiya ine ndili wamng'ono, n'kupita ndi mkazi wina, mayi wa Luse. Anatenga ngakhale makina osokera a amayi. Amayi, pochita manyazi kumpingo ndi kwa abale, anasamuka komboni n'kuyamba kunena kuti mwamuna wawo anafa. Bambo anakhala zaka zonsezo akuphwanya miyala ku Misisi, mpaka fumbi linawadya mapapo. Mkazi uja anamwalira, anatsala ndi Luse yekha. Bambo ankadziwa komwe ndili. Akadali ndi mphamvu ankabwera pamsika wa Mtendere, kuima patali n'kumandiyang'ana ndikugulitsa, koma osalimba mtima kuyandikira.

Atadwalitsa, a mpingo wa Luse anawabwereka makina a mpweya aja. Koma makina amafuna magetsi, ndipo magetsi kunalibe. Apo ndi pamene Luse anapita kusitolo kwa Kabaso n'kudziulula.

"Ninayenda kuli bapongozi kuti tikuuzeni pamozi," anatero Kabaso. "Bana Chiso, bamai banu bananigwadila. Munthu mukulu, kugwadila ine mukamwini! Bakuti, mwana wanga akaziba kuti ninamunama zaka zonse izi, sazaniitanaso mai. Nenze kuchita bwanji? Na batate banu bakuti, lindila nikhaleko bwino, asanione so."

"Ndiye nonse atatu munagwirizana kuti ine ndikhale chitsiru."

"Tenze kuopa kukupwetekani."

"Onani tsopano amene wapwetekedwa."

Bambo sanafe tsiku limenelo. Anakhala m'chipatala masabata angapo, ndipo ndinkapita kukawaona. Ulendo woyamba ndinangoima kumapazi kwa bedi. Munthu amene ndinkamulirira pa tsiku la ukwati wanga, amene ndinkauza Chiso kuti ali kumwamba akutiyang'anira, anali apa, wamoyo, wamanyazi, zala zake zokhakhala ngati miyala imene ankaphwanya.

"Wakula," anatero.

"Munandisiyiranji?"

Ndinkayembekeza nkhani, chifukwa chomveka, ngakhale bodza lokoma.

"Ndinalibe nzeru, mwana wanga."

Tsiku lina ndinabwera ndi Chiso, anamugwira tsaya n'kulira. Tsiku linanso ndinawamwetsa phala, ndipo mosaganiza ndinati, "Bambo, yasamulani." Tonse awiri tinadzidzimuka nalo liwulo.

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Dokotala anati mapapo anali atatha kale, panalibe chimene munthu akanachita. Sindinamufunse ngati m'mawa uja wa ku Marapodi unafupikitsa masiku awo. Luse nayenso sanatchulepo. Amayi anabwera kumaliro, anakhala kunja pansi pa mtengo osalowa m'nyumba ya siwa. Mayi wina atawafunsa chifukwa chake sakulira, anayankha kuti, "Ine ndinalira kale, ndili ndekha, ndi mwana kumsana."

Kabokosi kaja Kabaso anakakonzetsa, ndipo pamaliro ndi kamene kanayatsa mababu a mutenti. Makina a mpweya tinabweza kumpingo. Luse tsopano amandithandiza pashopu, ndipo amagona m'chipinda chimodzi ndi Chiso.

9

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi, sindikuuzani kuti musamakayikire amuna anu. Ine kukayika kwanga sikunali kwa chabe. Ankandinamizadi, ndipo ankandinamiza anthu amene ndinkadya nawo mbale imodzi. Chimene ndaphunzira n'chakuti mukamubisira munthu choonadi poganiza kuti mukumuteteza, mutu wake sukhala wopanda kanthu. Amapeka chake, ndipo chopekacho chimakhala choipa kuposa chimene mwabisa. Akadzanyamuka kuti achitepo kanthu, amamenya ndi mphamvu zonse pamalo olakwika.

Kabaso ndinamukhululukira, ngakhale masiku ena akachedwa mtima umagundabe. Amayi zinanditengera nthawi. Ndinakhala osaponda pakhomo pawo mpaka Khirisimasi, koma ndinadzifunsa kuti ine ndikanasiyidwa ndi mwana, opanda ngakhale makina osokera, ndikanamuuza chiyani mwanayo. Bambo ndinawakhululukira mochedwa, ali kale m'bokosi.

Watsala mmodzi amene ndikulephera kumukhululukira. Ndi mkazi uja anaima pabwalo la eni ake ku Marapodi, chitseko chili chotsegula patsogolo pake, munthu akupuma movutika kuseri kwa katani. Akanangoti "odi."